Khoma la a Lameki Zimba

Uthenga wa imfa ya a Lameki Zimba unandipeza kuntchito ku Boma la Lundazi, Lachitatu m'mawa. Unabwera ndi munthu wa njinga, wapakamwa. Palibe amene analemba ngakhale kapepala. Ndili m'njira kupita kumudzi kwathu kwa Kapichila, ndinazindikira kuti chimene chinkandivuta mumtima si imfayo, pakuti anali okalamba ndipo anadwala nthawi yaitali. Chinkandivuta ndi kusowa kwa kapepalako.

A Lameki anali akulu awo a bambo anga. Ife tinkawaitana adada akulu, adzukulu ankati asekuru. Sanakhalepo ndi udindo kutchalitchi kapena kuchipani. Ankalima fodya ndi mtedza, anali ndi ng'ombe zisanu, ndipo ankayenda chowerama ngati munthu amene wataya singano. Chimene anthu ankawadziwira ndi khoma.

Linali khoma la pakhonde la nyumba yawo, loyang'ana pabwalo. Akazi awo, amama NyaMtonga, ankalizira ndi dothi loyera la kudambo Loweruka lililonse. Pansi pake pankakhala chitini chakale chodzaza makala ofewa, amene a Lameki ankasankha okha n'kumawayesa pachikhadabo. Dzuwa likapendeka, mwana aliyense wa pamudzi ankabwera kudzalemba chinthu chimodzi chimene maso ake aona tsikulo. Osati za m'buku la kusukulu, osati zongomva. Wosadziwa zilembo ankajambula, iwo n'kumulembera chilembo chimodzi pambali kuti mawa adzayese. Inenso ndinayambira pamenepo, ndisanaone bolodi.

Ana akamaliza, a Lameki ankakoka mpando wawo wachikopa cha ng'ombe, kutsokomola kawiri, n'kuyamba kuwerenga ndi mawu a munthu wa pa wailesi. Nkhuku yagwera m'chitsime. Mwana wa uje wataya dzino. Ng'ombe yakuda yadya malaya a abusa. Ankawerenga nkhope ili gwa, ngati ndi nkhani zochokera ku Lusaka, ana n'kumagubuduka ndi kuseka. Chilembo chikatembenuka sankadzudzula. Ankangolemba cholondola pafupi, chaching'ono, cholakwikacho n'kuchisiya.

Pa kusiya pamenepa ndi pamene panali lamulo lawo lalikulu. Zimene mwana walemba sizinkafufutidwa mpaka Loweruka, ndipo wofufuta anali amama NyaMtonga okha, ndi dothi lawo. Ankanena kuti mwana akaona wamkulu akupukuta zimene wangolemba, amaphunzira kuti mawu ake ndi litsiro, ndipo phunziro limenelo silichoka ngakhale atamera ndevu.

Kumene zinachokera ndinakumva kamodzi kokha, tikumanga fodya m'chigafa. Ali mnyamata anapita ku Halale kukagwira ntchito m'mafamu, atasiya amama NyaMtonga ndi khanda. Kuwerenga sankadziwa. Kalata ikabwera ankapita nayo kwa kalaliki wina wa pafamupo, amene ankawerenga mokweza anthu ali pomwepo, n'kumaonjezera nthabwala zake. Tsiku lina kalata inafika kalalikiyo atachokapo. Anaipinda n'kuiika m'thumba la malaya. Inakhala mmenemo masiku asanu ndi anayi. Pakati pa masikuwo panali ukwati pakomboni, ndipo iwo anavina mpaka fumbi linafika m'mawondo, kalatayo ikunyowa ndi thukuta pachifuwa. Inkanena kuti khanda lija linamwalira.

Anaphunzira kuwerenga ali ndi zaka pafupifupi makumi atatu, kwa wophika wina wa ku Nyasalande, pa mapepala a matumba a simenti. Atandiuza zimenezi anapitiriza kumanga fodya, ndipo nkhaniyo sanaibwerezenso.

Mikangano yawo yambiri ndi akazi awo inali ya khomali. Amama NyaMtonga ankadandaula kuti amayi a chigwirizano cha kutchalitchi akabwera amaona ngati m'nyumbamo mulibe mkazi, khoma lili bii ngati la kukhitchini. A Lameki ankayankha kuti amayiwo akatopa kuyang'ana litsiro ayambe kuliwerenga. Mphunzitsi wina wa pasukulu yoyandikana nafe anabwera pa njinga kudzawauza kuti asiye, chifukwa ana akufika m'kalasi ndi zilembo zokhota ndiponso akusakaniza Chitumbuka, pomwe sukulu imafuna Chinyanja. Iwo anamupatsa mpando, anamupatsa mtedza, kenako anamufunsa kuti m'kalasi mwake mwa ana ochuluka chonchija, ndi angati amene iye anawerengapo mawu awo mokweza. Mphunzitsiyo anapita osatsanzika bwino. Patapita miyezi anayamba kutumiza mwana wake wamkazi madzulo.

Mkangano umene sunathe unali wa iwo ndi mwana wawo Kenani. Kenani ndiye anali woyamba kulemba pakhomalo, a Lameki atangobwera kuchokera ku Halale, mtima udakali wa moto. Nthawi imeneyo ankamenya. Chilembo chikakhota, kamtengo pa zala. Anadzasiya pambuyo pake, ana ena onse sanawakhudzepo, koma kwa Kenani kunali kutachedwa. Anakula akudziwa kuwerenga ndi kudana nako. Atakwatira n'kumanga nyumba yake pafupi, ankati akamadutsa pakhonde la bambo ake ankayang'ana kumbali ya khola.

Mwana wake wamkazi, Towela, ndiye anali wokondedwa wa asekuru ake. Anayamba kugwira khala ali ndi zaka zinayi. Pofika zaka zisanu ndi chimodzi ankalemba mizere itatu pomwe anzake ankavutika ndi umodzi. Malo ake anali pangodya ya kumanzere, pansi, pofika dzanja lake.

Chimenecho chinali chaka chimene mvula inadula msanga, ndipo m'masitolo munalibe mchere kapena sopo. Amuna ena a m'midzi yathu anayamba kulowa m'nkhalango ya boma ya Lukusuzi mobisa kukasaka nyama. Kenani anapita nawo. Anabwera ndi nyama ya njati yowamba, naipachika m'chigafa kuseri kwa fodya. Mudzi wonse unadziwa, mudzi wonse unadya, ndipo panalibe amene anatchula.

Lachiwiri madzulo Towela analemba pangodya pake kuti: Adada abwela na nyama ya njati. Ili mu chigafa. Takhuta.

A Lameki sanawerenge mzere umenewo pa nkhani za tsikulo. Anaudumpha, nati maso awavuta. M'mawa mwake amama NyaMtonga, amene sankadziwa kuwerenga, anawapeza ataima pakhonde manja kumbuyo.

"Palembedwa chiyani apo, kuti muime monga mwaona njoka?"

Anawawerengera motsitsa mawu.

"Nikatenge dothi," anatero amama.

"Lelo ni Lachitatu, NyaMtonga."

"Masiku nimayadziwa, a Zimba. Nikukamba za mwana wanu."

"Naye uyu ni mwana. Nikapukuta, nizamuuza kuti chiyani? Kuti walemba bodza?"

"Muuzeni kuti mbuzi yanyambita."

"Khoma ili liyang'ana pabwalo pathu. Ndani angachoke kutali kudzawelenga makala a mwana?"

Ine ndinali pamudzi masiku amenewo, pa tchuthi. Ndinamva zonsezi ndili pa mpando ndikusoka nsapato. Mzerewo ndinauwerenga, nyamayo ndinadya nawo. Ndinali munthu wamkulu wotsiriza sekondale, wa manja awiri. Sindinapukute.

Lachinayi dzuwa lili pamutu, kunafika a Ngulube, tcheyamani wa chipani m'dera lathu, ndi alonda awiri a nyama zakutchire, amene ife timangowatcha agemu. Alendo a boma sankalowa m'mudzi popanda tcheyamani. Anali atazungulira midzi itatu akufunsa, ndipo konseko anthu anali asanaonepo njati chibadwire. A Ngulube sanali munthu woipa. Mwana wawo nayenso anaphunzira zilembo pakhoma lomweli.

Amama NyaMtonga anathamangira kuika timipando pansi pa mtengo wa mango. Koma a Ngulube anali atazolowera. Analunjika pakhonde, pamthunzi pomwe ankakhala nthawi zonse. A Lameki anali atakokera kale mpando wawo pangodya ya kumanzere, nakhala atatambasula miyendo. Sanaimirire. Mpando umenewo ankaupereka kwa mlendo aliyense, ngakhale wogula nkhuku. Tsikulo anati msana ukuwawa.

"Monile mose," anapereka moni a Ngulube. "A Zimba, wailesi yanu yatha mabatile? Alendo afika, nyuzi kulibe?"

"Sabata ino ana achita ulesi, a tcheyamani."

"Ulesi uti, khoma lili lodzaza chonchi? Imwe anyamata, onani. Uyu mdala ali na sukulu yake, yosalipila."

Wamng'ono mwa agemuwo anaimirira n'kuyamba kuwerenga mokweza. Anawerenga za galu amene anaba dzira. Anawerenga za agogo ena amene anagona m'tchalitchi. Anaseka mpaka kugwira m'mimba, mnzake wamkulu naye anamwetulira. Ana anamva kuseka, nabwera kudzaima m'mphepete mwa khonde, aliyense kudikira kuti ake amveke. Ine ndinkaona kuti zitha bwino. Madzi anali atamwedwa, wamkulu uja anali atayamba kuyang'ana njira.

Towela anadikira mpaka mlendo atawerenga mzere womaliza. Kenako anayandikira, nagwira bondo la asekuru ake.

"Asekuru, sunthani. Mwabisa zanga."

A Lameki sanasunthe.

"Sunthani, naine aniwelengele."

A Lameki anayang'ana mwanayo nthawi yaitali. Sindidziwa ngati anasuntha okha kapena ngati mwanayo anakankha mwendo wawo. Ndaganizira zimenezi zaka khumi ndi ziwiri. Chimene ndinaona ndi chakuti mwendo unachoka.

Wa gemu uja anawerama. Anayamba mokweza, nalekezera pakati.

"Ni nthano za ana izi, bwana," anatero a Lameki. Sindinawamvepo akutchula munthu bwana, kupatula pofotokoza za ku Halale.

Mnyamatayo anagwada kuti alingane ndi mwanayo. "Dzina lako ndiwe ndani?"

"Towela."

"Walemba bwino, Towela. Kuposa onse. Ni nthano iyi?"

Towela anamwetulira chifukwa cha kuyamikidwako. Anayang'ana asekuru ake ngati akufuna kuti nawo amve.

"Yayi. Asekuru amakana zabodza pa khoma."

A Ngulube anavula chipewa n'kuyamba kuchiyang'ana mkati. Agemu anapita kuchigafa.

Kenani anabwera kuchokera kudimba n'kupeza nyama itayalidwa pabwalo. Sanathawe. Atamufotokozera mmene zadziwikira, anapempha kuti aone. Anaima pakhonde la bambo ake, nawerama, nawerenga pang'onopang'ono milomo ikugwedera, monga ankachitira ali mwana.

"Munanimenya zala kuti nidzawelenge ichi, adada?"

Ndiwo mawu omaliza amene anawalankhula kwa bambo ake.

Agemu atangopita naye, tinamva kulira kuseri kwa nyumba ya Kenani. Mkazi wake, NyaBanda, anali atagwira dzanja lamanja la Towela pa mtondo, akulimenya ndi kamtengo komangira fodya. Amayi ena anakamulanda. A Lameki sanapiteko. Anatenga ndowa, napita kudambo, nabwera ndi dothi. Anagwada pakhonde n'kuyamba kuzira ndi manja awo, mwamuna wa imvi, akazi a mudzi wonse akuona. Sankadziwa kuzira. Dothi linkagwa, iwo n'kumatola. Pangodya ya kumanzere anapaka, napakanso, napakanso.

Amama NyaMtonga anaima pakhomo atapinda manja. Sanawathandize, sanawaletse. Atamaliza anangoti, "Lelo ni Lachinayi, a Zimba."

Kenani anakhala kundende chaka ndi miyezi. Anatuluka ndi chifuwa chimene ali nacho mpaka lero. Sanagone m'mudzi mwathu ngakhale sabata. Anasasula denga la nyumba yake, natenga banja lake kupita kwa Mphamba, kwao kwa mkazi wake. Kwathu kuno mwamuna sakakhala kwa apongozi. Iye anasankha manyazi amenewo kusiyana ndi kudzuka m'mawa uliwonse n'kuona khonde lija.

Makolo ena sanakangane ndi a Lameki. Anangoyamba kupeza ntchito zoti ana azichita dzuwa likapendeka. Wina akatunge madzi, wina akatsekere mbuzi. Khomalo analipatsa dzina loti mboni. Mwana akaliyandikira, mayi ake ankamuitana ndi mawu a munthu amene waona mwana pafupi ndi chitsime. Sindiwaweruza. Zaka zino ngakhale ife akuluakulu timayamba tayang'ana kumbuyo tisanadandaule za ufa. A Lameki ankaphunzitsa ana kunena zimene aona, pa nthawi imene dziko lonse linkaphunzira kusaona.

Iwo sanasiye kusankha makala. Chitini chinkadzaza. Madzulo ankakoka mpando n'kukhala moyang'ana khoma loyera, ndipo amama NyaMtonga, amene anadandaula za litsiro zaka makumi awiri, anapitiriza kuzira Loweruka lililonse popanda chofufuta, koma pangodya ya kumanzere sankapakhudza. Sindinawamvenso akukangana. Ndikanakonda akanakangana.

Kwa Mphamba a Lameki anapitako kawiri wapansi, atanyamula kope ndi pensulo zimene anaimira pamzere ku Boma tsiku lathunthu. Ulendo woyamba Kenani sanatuluke m'nyumba, ndipo NyaBanda anati mwana wapita kunkhuni. Ulendo wachiwiri anamupeza Towela pachitsime. Mwanayo anagwada, analandira ndi manja awiri, anathokoza kuti yewo asekuru. Iwo atatsanzika n'kuyenda pang'ono, anacheuka. Kope lija linali pa mwala, pensulo pamwamba pake, mwanayo akupita ndi ndowa yake pamutu.

Towela analekera sukulu giredi yachitatu. Ndinamva kuti kuwerenga ankaposa kalasi yonse. Koma ikafika nthawi yolemba ankangogwira pensulo n'kukhala. Anamumenya, anamunyengerera, pepala linkabwerera loyera.

Chaka chatha, a Lameki atayamba kudwala, ndinawafunsa ngati akanachita mosiyana. Anati zaka zonse ankaganiza kuti choipa chachikulu chimene zilembo zingamuchite munthu ndi kukhala m'thumba mwake osawerengedwa. Kenako anandifunsa ngati ana anga amalemba kunyumba.

"Amalemba, adada. M'kope."

"Zimene aona?"

"Zimene aona."

"Amawelenga ndani?"

"Ine."

"Mokweza?"

Ndinati ayi.

"Ukatha?"

"Nimaika m'sutikesi."

Anagwedeza mutu. Sindidziwa ngati kunali kuvomereza.

Pamaliro Kenani anabwera. Anakhala ndi amuna kutali, pafupi ndi khola, anathira dothi lake kumanda, nanyamuka tsiku lomwelo. Towela anatsala. Tsopano ndi mayi, ali ndi mwana wamkazi wa zaka ziwiri. M'mawa mwake tinali pakhonde, ine, iye ndi amama NyaMtonga, tikusankha mtedza wophikira alendo otsala. Kamwanako kanatola khala pa phulusa la moto wa pamaliro. Kanayenda mwa dzandidzandi mpaka pakhoma, n'kukoka mzere umodzi wokhota, kenako wina. Kanatembenuka kakuseka kuti tione.

Towela anataya lichero. Anakalanda khala, napukuta khomalo ndi chikhato chake mofulumira, kawiri, katatu. Mwanayo anayamba kulira. Towela anaima akuyang'ana dzanja lake lakuda.

"Loweluka likali kutali, mzukulu," anatero amama NyaMtonga, osakweza mutu.

"Nidziwa, agogo."

Anabereka mwanayo, namanga chitenje molimba, timanja tonse tili mkati.

Ndinapitanso kumudzi mwezi watha. Amama NyaMtonga sazira tsopano, akuti mawondo. Mpando wachikopa anatenga achibale, patsala timaenje tinayi pamene miyendo yake inkaima. Chitini chilipo, makala ake anyowa ndi madzi odontha kudenga. Pofika m'bondo pali banga lotuwa la chikhato cha Towela. Khoma layamba kusweka, ndipo pamene dothi lagwa pakuoneka za pansi, za Maloweruka akale: mwendo wa ng'ombe yojambula, theka la dzina, mawu oti chitsime. Ana a pamudzi amadutsa osaima. Pangodya ya kumanzere pokha, pansi, pamene a Lameki anapaka ndi manja awo, dothi lake ndi lochindikala, lili ndi mizere ya zala, ndipo silinagwe ngakhale pang'ono.